Wapolisi Tamudziwa, Nanga Mlendo? Mphamvu ndi Zofooka za Buku la Henning Mankell



Lero ndabwera ndi buku limodzi lokha. Ndi nkhani yopeka ya wapolisi wofufuza mlandu wakupha, ndipo ndikufuna tiliyeze pamodzi, tione pamene laima nji ndi pamene likutsimphina. Bukuli analemba ndi Henning Mankell wa ku Sweden. Linatuluka mu 1991 ndi mutu wakuti Mördare utan ansikte, ndipo m'Chingerezi linatuluka mu 1997 ndi mutu wakuti Faceless Killers, kunena zigawenga zakupha zopanda nkhope. Ndichenjezeretu: ndiulula amene anapha. Buku lotere sungaliyeze bwino utabisa mathero ake, pakuti mlembi amalipira ngongole yake kwa owerenga m'masamba otsiriza. Amene simunaliwerenge mundikhululukire.

Tiyambe ndi mtundu wa bukuli. Nkhani zofufuza imfa zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa mwambi, umene Agatha Christie anatchuka nawo. Munthu waphedwa m'nyumba, oganiziridwa ndi owerengeka, ndipo katswiri mmodzi wanzeru zakuya, monga Hercule Poirot, amawasonkhanitsa onse pamapeto n'kuloza wolakwa. Wachiwiri ndi wa ntchito ya polisi. Uku kulibe katswiri wodziwa zonse. Kuli gulu la anthu olembedwa ntchito ndi boma, otopa, ochepa, amene amagogoda khomo ndi khomo, kulemba masitetimenti ndi kudikira lipoti la dokotala. Ku Sweden njira imeneyi anailambula ndi Maj Sjöwall ndi Per Wahlöö, amene pakati pa 1965 ndi 1975 analemba mabuku 10 a wapolisi Martin Beck. Iwo ankagwiritsa ntchito mlandu ngati njira yoonetsera zimene zikuvunda m'dziko lodzitama kuti limasamalira aliyense. Mankell anatsata mapazi awo.

Mankell anabadwa mu 1948 ndipo anamwalira mu 2015. Zaka zambiri za moyo wake ankazigawa pakati pa Sweden ndi Africa. Anakhalapo ku Zambia, ndipo kuyambira cha mu 1986 ankagwira ntchito ndi gulu la zisudzo la ku Teatro Avenida mumzinda wa Maputo. Iye mwini ankafotokoza kuti atabwerera kwawo mu 1989 anapeza tsankho lodana ndi obwera litakula, ndipo popeza kwa iye tsankho linali mlandu, anaona kuti nkhani yake ikufunika wapolisi. Dzina lakuti Wallander analitola m'buku la manambala a telefoni. Sankalota maloto ayi. Mu 1988 anthu a ku Sjöbo, m'chigawo cha Skåne kumwera kwa dzikolo, anavota pa riferendamu kukana kulandira anthu othawa kwawo. M'chaka chimene bukuli linatuluka, chipani cha Ny Demokrati, chimene chinkalankhula zotsutsa obwera, chinalowa m'nyumba ya malamulo. Kuyambira mu Ogasiti 1991 mpaka Januwale 1992, John Ausonius anawombera anthu 11 ku Stockholm ndi ku Uppsala, akusankha ooneka ngati obwera, ndipo mmodzi anafa. Bukuli linanunkhiza mvula isanagwe.

Nkhani yake ili motere. Usiku wina wa mu Januwale 1990, mlimi wokalamba m'kamudzi ka ku Skåne akudzidzimuka kutulo. Chamudzutsa si phokoso koma kusowa kwa phokoso: hatchi ya aneba ake, imene imalira usiku uliwonse, yangoti zii. Atapita kukaona akupeza Johannes Lövgren ataphedwa mwankhanza zosaneneka, ndipo mkazi wake Maria ali ndi chingwe m'khosi, akupuma movutikira. Maria akumwalira kuchipatala, koma asanatsirizike akutchula liwu limodzi losonyeza kuti anachita izi ndi akunja. Kurt Wallander, wapolisi wa zaka 42 wa m'tauni ya Ystad, ndiye akutsogolera kafukufuku, chifukwa mkulu wake ali ku tchuthi.

Mphamvu yoyamba ya bukuli, imenenso ndi yaikulu, ili pa zimene zikuchitikira liwu limodzi lija. Wallander ndi mnzake wachikulire Rydberg akudziwa kuti likatuluka panja libutsa moto, choncho akugwirizana zolisunga. Koma likutuluka ndithu, kuchokera m'kati mwa polisi momwemo, n'kufika kwa atolankhani. Posakhalitsa Wallander akulandira mafoni oopseza. Kampu ya anthu othawa kwawo ikutenthedwa. Kenako bambo wina wa ku Somalia, amene sanawaonepo a Lövgren chibadwire, akuwomberedwa akuyenda pafupi ndi kampu ya Hageholm. Apa Mankell wachita chinthu chimene mabuku ambiri a mtunduwu sachita. M'nkhani za mwambi, kafukufuku savulaza munthu, amangotsuka. Muno kafukufuku ali ndi mitembo yakeyake. Wapolisi wa pakamwa popepuka waphetsa munthu osagwira mfuti. Ndipo amene anakonza zopha Msomali uja si anyamata oledzera a m'misewu. Mmodzi ndi Rune Bergman, amene kale anali wapolisi ku Malmö. Mlembi akutiuza kuti matenda amene Wallander akuwasaka m'mudzi alinso m'nyumba mwake.

Mphamvu yachiwiri ndi kukhulupirika pofotokoza ntchito. Apolisi a m'bukuli amalakwitsa, amataya nthawi, amatsata mapazi osapita kulikonse. Mlongo wake wa Maria, Lars Herdin, akuulula kuti Johannes sanali mlimi wosauka monga ankaonekera. Anapeza chuma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pogulitsa nyama kwa Ajeremani, anali ndi ndalama zobisa, komanso anali ndi mkazi wachibisira ndi mwana wamwamuna cha ku Kristianstad. Wowerenga aliyense apa amati basi, tawapeza. Wallander nayenso akuganiza chimodzimodzi. Akutha milungu akufunafuna mkaziyo, akupeza mwana uja, Erik Magnusson, munthu wa juga ndi ngongole, woyenera mlanduwo kotheratu. Koma si iye. Chisanu chikutha, dzuwa likubwerera, mlandu uli chiimire. M'mafilimu tinazolowera mlandu wotha m'masiku atatu. Uwu ukutenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndipo mlembi sakuopa kutionetsa wapolisi atakhala pa desiki, mafayilo ali mbwee, mutu utaima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bukuli limakhulupirira zimenezo.

Onaninso kumene nzeru zikuchokera. Sizikuchokera mwa Wallander yekha. Rydberg, wa mwendo wodwala, ndiye amagwada pamalo a mlandu n'kuona zing'onozing'ono, monga mfundo yachilendo ya chingwe chija. Pa mlandu wa Msomali, amene akuthandiza ndi mmodzi wa othawa kwawo, wodziwa magalimoto, amene sanaione galimoto ya achiwembu koma anaimva, ndipo akuizindikira ndi kulira kwa injini kuti ndi Citroën. Pa mlandu wa a Lövgren, amene akutsegula chitseko ndi kalaliki wa ku banki, Britta-Lena Bodén, mtsikana wosaiwala nkhope. Akukumbukira kuti tsiku limene Johannes anatapa ndalama, pambuyo pake pamzere panali amuna awiri odzasintha ndalama zakunja. Choonadi m'bukuli chili m'manja mwa anthu wamba amene amagwira ntchito zawo ndi maso otsegula. Ntchito ya wapolisi ndi kubwereranso kukafunsa kachiwiri, kachitatu.

Mphamvu yachitatu ndi Wallander mwiniwake. Mkazi wake Mona wamusiya miyezi itatu yapitayo. Mwana wake Linda samuyandikira. Bambo wake, okalamba ndi aukali, amakhala okha kumudzi akujambula chithunzi chimodzimodzi cha dzuwa ndi nkhalango chaka ndi chaka, pena akuikapo mbalame pena ayi, ndipo sanakhululukebe kuti mwana wawo analowa upolisi. Wallander amadya zosayenera, akunenepa, sagona, amatonthozedwa ndi nyimbo za opera m'galimoto. Usiku wina akuyendetsa galimoto ataledzera, ndipo akumugwira ndi apolisi ake omwe, amene akumutengera kunyumba n'kuitsekera nkhaniyo pakamwa. Ganizirani: munthu wosunga lamulo wapulumuka lamulo chifukwa cha chinansi cha kuntchito, m'buku lomwelo limene wapolisi wakale wakonza zopha mlendo. Mankell sakuikapo ndemanga. Akungoziika pafupi kuti wowerenga aziphatikize yekha.

Ndipo Wallander si mngelo pa nkhani ya obwera. Amadana ndi tsankho, analowa m'moto kuti apulumutse anthu pakampu, komabe amadandaula kuti boma lataya chiwongolero, kuti silidziwa amene alowa ndi kumene ali. Atamva kuti bwenzi la Linda ndi mnyamata wa ku Kenya wophunzira udokotala, mtima wake ukugwedezeka m'njira imene iye mwini akuchita nayo manyazi. Ichi ndi chilungamo cha mlembi. Kukanakhala kosavuta kupanga wapolisi woyera mtima woti azidzudzula ena onse. Mankell anasankha munthu wabwino amene ali ndi kachirombo komweko m'magazi, akulimbana nako.

Tsopano tiwoloke tione tsidya linalo.

Chofooka chimene owerenga ambiri amayamba kutchula ndi mathero. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nkhani zofufuza milandu, anandandalika malamulo 10 a nkhani zotere. Loyamba limafuna kuti wolakwa akhale munthu amene waonekera koyambirira kwa nkhani. Mankell akuliphwanya poyera. Opha a Lövgren ndi amuna awiri, Lothar Kraftczyk ndi Andreas Haas, ochokera ku Czechoslovakia, amene anapempha malo ngati othawa kwawo. Anaona kapepala ka ku banki ka Johannes, anadziwa kuti nkhalambayo yanyamula ndalama, n'kuilondola. Basi. Sitinakumane nawo m'mitu yonse yam'mbuyo. Akutulukira buku litatsala pang'ono kutha, ndipo akugwidwa pambuyo pothamangitsana ndi apolisi pa msika waukulu wa pachaka wa ku Kivik. Zonse za nyama ya Ajeremani, mkazi wachibisira ndi mwana wa juga, zimene tathera nazo masamba ochuluka, sizikukhudzana ndi imfayo. Ngakhale funso limene lakhala likumuvuta Wallander kuyambira tsiku loyamba, lakuti n'chifukwa chiyani achiwembuwo anaipatsa udzu hatchi asanachoke, silikupeza yankho logwira mtima.

Pa mfundo iyi ine ndimamuikira kumbuyo mlembi, ngakhale osati kotheratu. Malamulo a Knox ndi a masewera, ndipo Mankell sanabwere kudzasewera. Milandu yeniyeni yambiri ilibe chiwembu chokongola. Munthu amafera pakuti anaima pamzere wolakwika tsiku lolakwika. Kwa anthu a ku Sweden a nthawi imeneyo, amene nduna yawo yaikulu Olof Palme inawomberedwa pamsewu wa ku Stockholm pa 28 Febuluwale 1986 popanda mlandu kutha, mathero osakhutitsa sanali achilendo. Koma pali mtengo wake. Wowerenga amene wakhala akuwerengera zizindikiro, akuyesa kupikisana ndi wapolisi, amafika kumapeto n'kuzindikira kuti sakanatha kupambana. Ameneyo ali ndi ufulu wodandaula.

Chofooka chachikulu, m'kuona kwanga, chili kwina. Bukuli linalembedwa kuti litsutse tsankho, koma mlendo mulibe mawu ake. Werengani masamba amene apatsidwa kwa Wallander: m'mimba mwake, maloto ake, zovala zake zakuda, mantha ake. Tsono werengani amene apatsidwa kwa Msomali wophedwa uja. Timuona kamphindi, akuyenda, kenako ndi mtembo, kenako ndi fayilo. Anathawa chiyani kwawo? Ankaganiza chiyani za dziko lozizira limene linamulandira? Banja lake linalira bwanji, linamuika kuti? Mlembi sakutilowetsa m'nyumba ya maliro. Za Johannes Lövgren, munthu wabodza ndi waumbombo, tikudziwa mbiri ya zaka makumi asanu. Za munthu wosalakwa amene anafera liwu limodzi tikudziwa zochepa kwambiri. Ndipo mkazi wakuda amene amabwera kawirikawiri m'bukuli si munthu weniweni konse, koma wa m'maloto achilakolako a Wallander.

Opha aja nawonso ali chimodzimodzi. Bergman, Msweden watsankho, timamuona ali pakhomo pake, timamva bodza lake lakuti galimoto yake inabedwa, timamutsatira usiku. Ali ndi nkhope. Kraftczyk ndi Haas ali ndi maina okha ndi nkhanza. Sitimva chimene chinawaumba. Choncho buku limene linayamba ndi kutichenjeza kuti tisathamangire kuloza akunja likutha ndi akunja awiri amene ali ndendende monga anthu atsankho ankawaganizira: olowa m'dziko ndi nkhani zokayikitsa, osadziwika kumene ali, ankhanza popanda chifukwa.

Wina anena kuti apa ndiye pali kulimba mtima kwa Mankell. Akanapanga wakupha kukhala Msweden, buku likanakhala ulaliki wosavuta, wakuti onani, munanamizira alendo. Posankha njira yovuta, iye akunena chinthu chozama: ngakhale Maria ananena zoona, kuwotcha kampu ndi kupha Msomali kunali kulakwa ndithu. Mlandu wa anthu awiri si mlandu wa mtundu wonse. Ndikuvomereza, ndipo ndikuona kuti iyi ndi mfundo yabwino koposa m'buku lonse. Koma mfundo yotere imafuna mboni. Kuti wowerenga amve m'mtima kuti othawa kwawo ndi anthu osiyanasiyana, abwino ndi oipa monga a ku Ystad, ayenera kukhala nawo pansi, kumva mmodzi kapena awiri akulankhula nkhani zawo. Mankell anali ndi kuthekera kumeneko kuposa alembi anzake ambiri. Ankakhala ku Mozambique nkhondo yapachiweniweni ili mkati, pamene anthu a dzikolo pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. Ankadziwa kuti wothawa kwawo ndi mphunzitsi, mlimi, mayi wa ana, nthawi zina ndi wakuba. M'mabuku ake ena, monga Comédia infantil la mu 1995, lonena za mwana wa m'misewu mumzinda wa ku Africa, anawapatsa anthu otere pakamwa. M'buku lino anawasiya kuseri kwa mpanda wa kampu.

Chofooka china chikukhudza akazi. Anette Brolin ndi loya wa boma woimira milandu, wophunzira, wodziwa ntchito, wokwatiwa. Wallander akumufuna, ndipo usiku wina atamwa akumugwira mosayenera mpaka mayiyo akumuwomba khofi. Vuto si lakuti Wallander walakwa, pakuti taona kale kuti kulakwa kwake ndi mbali ya mphamvu ya bukuli. Vuto ndi lakuti nkhani ikumukhululukira msanga. Maluwa, kupepesa, ndipo ubwenzi ukupitirira. Timamva manyazi a mwamuna, koma za mumtima mwa mkazi sitimva. Mona, Linda ndi Anette onse timawaona monga zinthu zimene Wallander wataya kapena akuzifuna. Kalelo owerenga ambiri anadutsapo osaima. Lero ambiri amaima, ndipo akulondola.

Chomaliza ndi chaching'ono. Pena mlembi amaoneka ngati waopa kuti tigona, ndiye amamutuma Wallander kukachita zinthu yekha usiku, popanda mnzake, mpaka kugwa pa matabwa a omanga nyumba n'kulendewera chadodolido ndi mwendo umodzi. Wapolisi wotsogolera milandu iwiri yakupha sangamagwire ntchito chotero. Zigawo zimenezi ndi za filimu, ndipo zimasemphana ndi kudekha kumene ndatamanda kuja.

Kodi tikaika zonsezi pa sikelo, tipeza chiyani? Bukuli linalandira mphoto ya buku lopambana la milandu ku Sweden mu 1991, ndipo mu 1992 linakhala loyamba kulandira mphoto ya Glass Key ya maiko a kumpoto kwa Ulaya. Linabala mndandanda wa mabuku umene unafika mpaka The Troubled Man la mu 2009, mmene Wallander akuyamba kudwala matenda oiwala, komanso mafilimu amene Rolf Lassgård, Krister Henriksson ndi Kenneth Branagh anasewera ngati Wallander. Ulemu umenewu ndi woyenera. Koma onani kuti mphamvu ndi chofooka zikuchokera pa chisankho chimodzi. Mankell anatitsekera m'mutu mwa munthu mmodzi. Chifukwa cha ichi timamva kutopa kwake, kukayika kwake ndi tsankho lake lobisika ngati zathu. Chifukwa cha ichi chomwecho sitingaone chimene iye saona. Wallander sadziwa mlendo, choncho ifenso sitimudziwa.

Ife tili ndi mwayi powerenga bukuli umene Msweden wa mu 1991 analibe: taimapo mbali zonse ziwiri za mpanda. Tinalandira a ku Mozambique, ndipo kuyambira 1994 tili ndi kampu ya Dzaleka ku Dowa, ndipo tonse tamvapo zimene zimanenedwa m'misika za anthu okhala kumeneko katundu akasowa. Komanso abale athu anali pakati pa othamangitsidwa ku South Africa mu Meyi 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera. Tikudziwa mmene mphekesera imathamangira, ndipo tikudziwa mmene zimapwetekera ukakhala iwe amene akukulozera chala.

Choncho kwa inu owerenga ndikuti, buku lililonse la mtundu uwu mulifunse mafunso atatu. Kodi choonadi chapezeka mwa ntchito kapena mlembi wangochigwetsa kuchokera kumwamba? Kodi imfa ya munthuyo yasiya bala mwa amoyo, kapena mtembo wangokhala poyambira nkhani? Ndipo ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula? Faceless Killers likukhoza bwino funso loyamba, likukhoza theka la lachiwiri, ndipo likulephera lachitatu. Kwa inu amene mukulemba, kapena mukulakalaka kulemba, tengani kwa Mankell kudekha kwake ndi kusaopa kuonetsa wapolisi wolakwa. Koma mukadzalemba za wa CID wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, ndipo mlandu ukadzamufikitsa pakhomo la munthu wobwera, mudzalowe naye m'nyumbamo, mudzamulole mwini nyumba afotokoze yekha kufikira atamaliza.